Tsiku Limene Nicanor Anakana Kufa

Nicanor Zepeda anali atafa kokwana makumi asanu ndi limodzi kudza kanayi, ndipo imfa zonsezo anazifa bwino. Anawomberedwa pamakwerero a hotela, anabayidwa kuseri kwa bala, anakankhidwa pamlatho, ndipo kamodzi, chaka chimene mafilimu anayamba kulankhula, anamwetsedwa poizoni ndi mkazi wovala chipewa cha nthenga. Mu mzinda wonse wa Mexico munalibe wokonda kanema amene sankaidziwa nkhope yake. Dzina lokha ndi limene anthu sankalidziwa. Pa zikwangwani linkalembedwa pansi penipeni ndi tizilembo ting'onoting'ono, pamalo paja agalu amakodzerapo.

Akakwera tramu, sitima yaing'ono yoyenda mumsewu, amayi ankakumbatira zikwama zawo. Tsiku lina mayi wina wokalamba anamukwapula ndi ambulera pakhomo la tchalitchi chifukwa cha mtsikana amene Nicanor anamupotola khosi pa kanema Lachisanu lapitalo. Iye anangovula chipewa n'kupepesa. Nanga akanatani? Mtsikanayo anamupotoladi khosi, mwaluso lake ndithu, ngakhale kuti atamaliza kujambula anakadyera limodzi nkhomaliro.

Munthu mwiniwakeyo sankatha n'kupha nkhuku komwe. Ankaweta timbalame tiwiri tachikasu pawindo, ndipo ankatilankhulitsa mwaulemu. Chipsera chotchuka chija chochoka pakhutu kufika pachibwano chinali cha guluu, ankachimata m'mawa n'kuchimatula madzulo. Mphuno yopindika yokha ndiyo inali yake, mphatso imene bulu wa bambo ake anamupatsa ali mwana.

Ku situdiyo, kumene ankajambulira mafilimu, ankamutcha Kamodzi. Ankangomulembera kamtanda ka choko pansi, basi. Mfuti ikalira, Nicanor ankagwira pamimba, kudzandira masitepe atatu, kutembenuka pang'ono kuti nyali imugwire nkhope, n'kugwera pa kamtandako ndendende, diso limodzi lili tong'o, chipewa chikugubuduzika kulowera kumene kamera ikuchifuna. Sanabwerezepo imfa chiyambire. Anyamata okongola aja ankatha kupsompsona mtsikana kasanu ndi kawiri osakhoza, koma Nicanor ankafa kamodzi anthu n'kupita kukadya.

Mkazi wake Herminia anamupeza chifukwa cha imfa zomwezo. Kale, mafilimu akadali osalankhula, Herminia ankaimba piyano m'nyumba ya kanema ya pafupi ndi msika, atakhala pansi pa chinsalu, khosi litapindikira m'mwamba. Oimba anzake chigawenga chikamafa ankaimenya piyano mwaukali kuti anthu awombe m'manja. Iye ayi. Chigawenga cha mphuno yopindika chikagwa, ankaimba kanyimbo kofewa kogonekera mwana. Nicanor anazimva yekha tsiku lina atabisala pampando wakumbuyo, ndipo nyali zitayaka anapita kukafunsa.

"Ndimakumverani chisoni," anatero Herminia akutseka piyano. "Mumagwa ngati munthu woti kwawo akumudikira."

Anakwatirana mvula ya chaka chimenecho isanathe. Ana Mulungu sanawapatse, koma anawapatsa zaka makumi awiri ndi zitatu m'zipinda ziwiri zam'mwamba, m'nyumba zija zozungulira bwalo limodzi, momwe aliyense amadziwa chimene mnzake wadya.

Kuiwala kwa Herminia kunayamba pang'onopang'ono. Mchere mu khofi. Makiyi m'dengu la anyezi. Kenako mayina a anthu apabwalo anayamba kumuthothoka limodzilimodzi. Ndiye m'mawa wina Nicanor akumeta ndevu pabeseni, Herminia anaima kumbuyo kwake, manja atawapinda mwaulemu.

"Pepani bambo, mukufuna ndani?"

Dokotala anati palibe chochita. Herminia sankamuopa Nicanor, mlendo wake watsopanoyu. M'mutu mwake anakonza yekha nkhani yoti ndi bambo wina wachifundo amene amuna ake anamutuma kuti azimuyang'anira iwo ali kuntchito. Ankamuthokoza akamupatsa chakudya, ankamufunsa ngati ali ndi banja. Tsiku lonse ankakhala pawindo kuyang'ana maluwa a jakaranda akugwera m'mabeseni a ochapa, ndipo dzuwa likapendeka ankatembenuka.

"Kodi anati abwera liti?"

"Posachedwa, mayi," ankayankha Nicanor.

Lamulungu lina masana akuchokera kokayenda, mvula inawathamangitsira m'nyumba ya kanema. Nicanor sanayang'ane n'chikwangwani chomwe. Anangozindikira ali pachinsalu iye mwini, tsitsi litadetsedwa bii, msana uli chilili, akutsika makwerero phewa lakumanzere litatsika pang'ono monga ankayendera ali mnyamata. Zala za Herminia zinamulowa m'mkono.

"Ndi amenewo! Amuna anga ndi amenewo!" Anatero mokweza, nkhope ikuwala. "Nicanor! Iwe Nicanor!"

Inali itatha miyezi isanu ndi iwiri dzinalo lisanatuluke pakamwa pakepo. Nicanor analira, misozi chuchuchu, ngati mwana. Herminia ankamunong'oneza mlendo wakeyo zinthu zonse: kuti jeketelo anasoka batani lake ndi iye, kuti mwamunayo amaoneka woopsa chabe koma amaopa mphemvu. Kwa ola lathunthu Nicanor anali ndi mkazi. Kenako mfuti inalira, ndipo munthu wa pachinsalu uja anadzandira masitepe atatu n'kugwa.

Kukuwa kumene anakuwa Herminia kunaimitsa filimu. Kunyumba anavala zakuda, anaphimba galasi ndi nsalu, anayatsa kandulo. Analira masiku atatu maliro enieni, osadya, akufunsa chifukwa chake sanamubweretsere thupi. Tsiku lachinayi anadzuka ataiwala zonse, n'kukhala pawindo, n'kufunsa kuti kodi anati abwera liti.

Tisamuyeretse munthuyu, sanali mngelo. Patatha sabata ziwiri anapita nayenso. Anadziuza kuti atuluka naye mfuti isanalire, koma Herminia anagwira mpando zolimba, amuna ake ali pachinsalu angachoke bwanji? Anapitanso kachitatu, kachinayi. Njala ya dzina lake inali itamugwira moti ankalolera kugula ola limodzi ndi masiku atatu a misozi ya mkazi wake. Ankadziwa kuti akulakwa, ndipo ankadzida, koma Lamulungu likafika ankapezeka akupukuta nsapato.

Amene anamudula ndi Doña Eduviges wa chipinda chapansi, mayi wochapa zovala amene ankatsala ndi Herminia iye akapita kuntchito. Anamuimitsa pamakwerero, manja ali thovu lokhalokha.

"Don Nica, ndikuuzeni zoona? Inu ndinu wouma mtima kuposa uja wa pa kanema. Ujayo amapha kamodzi n'kuthawa. Inu mwamusandutsa wamasiye kanayi mkazi mmodzi yemweyo."

"Kumeneko kokha ndi kumene amandidziwa, Doña."

"Ndiye? Akudziweni kuti mutani? Amene amasintha mapilo onyowa ndi misozi ndi ndani, si ine? Mwamuona mmene waondera? Kachisanu mudzamunyamula m'bokosi kuchokera mu holomo, ndakuuzani."

Nicanor anasiya. Koma kusiyako sikunachize kanthu. Masabata anadutsa, ndipo Herminia anayamba kuzilala ngati makala osakupizidwa. Ankafunsabe funso lake lija, koma mwa apo ndi apo, kenako analeka. Ankakhala pawindo maso ali kutali, chakudya chikuzizira pamwendo. Nicanor anaona kuti mwamuna wa pachinsalu uja ndiye chingwe chomaliza chimene chatsala, ndipo chingwecho chikangoduka Herminia apita kumene munthu sangamuitane. Kumuonetsa kunali kumupha, kusamuonetsa kunalinso kumupha. Chimene chinkafunika chinali filimu imodzi yokha, imodzi basi, imene Nicanor Zepeda adzafike kumapeto ali moyo.

Chaka chimenecho kutsidya la nyanja kunali nkhondo, ndipo tepi yojambulira inkasowa. Don Leopoldo Urquiza, mkulu wa filimu imene ankajambula nthawiyo, anali munthu wamfupi wamimba amene ankangotafuna ndudu yosayatsa, chifukwa tepi ya masiku amenewo inkayaka ikangonunkhiza moto. Nicanor anamupeza masana akudya nyemba pakhonde la banki yongojambulirapo filimu, ya matabwa, yopanda kumbuyo.

"Don Leopoldo, ndili ndi kapempho."

"Ngati ndi jekete latsopano, iwala. Lakolo lili ndi mabowo khumi ndi awiri okha, likadali lanyuwani."

"Si jekete ayi. Mu filimu ino, kodi sizingatheke kuti ndisafe?"

Supuni inaima m'malere. "Usafe? Ndiye utani, ukwatire mwana wa meya? Tiburcio! Tabwera udzamve kuno, Kamodzi watopa nako kufa!"

Tiburcio, wojambula wamtali wosakonda kulankhula, anangosuzumira kuseri kwa kamera yake n'kupitiriza kupukuta galasi.

"Mungondimanga basi," anatero Nicanor. "Ngakhale kundiponya m'ndende moyo wonse, bola ndioneke ndikupuma."

"Compadre, m'bale wanga, tamvera. Anthu amabwera kudzaona zinthu ziwiri, mnyamata wathu wokongola Armando akupsompsona mtsikana ndi iwe ukugwa. Komanso akuluakulu a boma oyendera mafilimu salola wakupha kutuluka wamoyo, ukudziwa bwino. Wapha atatu mu filimu ino, mmodzi wakhungu! Ndende? Ndende ndiye kuti khoti, woweruza, mabenchi, tepi ya mphindi zinayi. Ndiitenga kuti, kumwezi? Chipolopolo ndi theka la mphindi."

"Ndi chifukwa cha mkazi wanga."

Don Leopoldo anachotsa ndudu pakamwa, ndipo mawu ake anafewa. "Ndinamva za Doña Herminia, Mulungu amukumbukire. Usamapite naye ku kanema, nkhani yatha. Koma nkhope yakoyo, compadre, amayi ako anaiberekera maliro. Palibe chimene ine ndingachite."

Tsiku lomaliza kujambula linali Lachisanu. M'mawa wake Nicanor akumanga tayi, Herminia analankhula kwa nthawi yoyamba m'masiku asanu ndi anayi. Sanatembenuke n'komwe, ankalankhula ndi galasi la windo.

"Ndikuona ngati sabweranso."

Mawuwo anakwera naye tramu, analowa naye pageti, anakhala naye pampando pamene ankamumata chipsera ndi kumudetsa imvi. Kunja dzuwa linali phwee, koma m'chinyumba chojambuliramo anali atamanga mosungira katundu mwa kudoko, migolo ndi zingwe ndi maukonde, utsi woyera ukukwawa pansi m'malo mwa nkhungu. Winawake ankagwedeza beseni la madzi patsogolo pa nyali kuti mafunde azivina pakhoma. Nicanor anali atalowa m'malo otere kambirimbiri, koma tsiku limenelo zonse zinkaoneka ngati akuziona ali m'madzi. Mawu a anthu ankamufika mochedwa. Anamva fungo la nyanja, pamene nyanja anali asanaionepo chibadwire.

"Mverani nonse!" anakuwa Don Leopoldo. "Tepi yatsala ya mphindi imodzi ndi theka. Ikatha yatha, ina idzabwera tsiku limene Mulungu adzafune. Wotsokomola ndimupha ndi manja angawa."

Imfa ya Nicanor anali ataisungira kumapeto dala, chifukwa mu filimu yonse ndi chinthu chokhacho chimene sichikanalakwika. Kamtanda ka choko kanali pafupi ndi mgolo wachitatu. M'dzanja anamufumbatitsa kathumba ka chokoleti yosungunula, poti pachinsalu chokoleti imada bwino kuposa magazi. Armando del Villar, mnyamata wa mano oyera amene ankasewera wapolisi wofufuza milandu, anaima malo ake akuyang'ana tsitsi lake pagalasi la wotchi. Mumfuti yake munali zipolopolo zitatu zongolira chabe.

Kamera inayamba kung'ung'uza. Armando ananena mawu ake, mfuti inalira katatu.

Nicanor anagwira pamimba n'kufinya kathumba. Sitepe yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Anatembenuka, nyali inamugwira nkhope. Choko chinali pansi pa nsapato zake, ndipo maondo, amene ankaidziwa ntchito yawo kuposa mwiniwake, anali atayamba kale kupinda. Pomwepo maso ake anagwera pa chitseko chakumbuyo. Zitseko zambiri za mu situdiyo zimakhala zopaka penti chabe, koma ichi akalipentala anachiika mahinjesi enieni chifukwa apolisi analowera pomwepo dzulo lake. M'mphepete mwake munkatuluka kuwala.

Akanamufunsa pambuyo pake akanalumbira kuti sanakonzekere. Maondo anangowongoka. Anaponda choko n'kupitirira.

Mfuti ya Armando inati khethe, khethe, mulibe kanthu. Don Leopoldo anatsegula pakamwa, ndudu n'kugwa, koma mawu sanatuluke, poti kukuwa kukanalowa mu filimu ndipo kuimitsa kukanapha filimu yonse. Nicanor ankayenda pang'onopang'ono m'kati mwa utsi, dzanja pamimba, chokoleti ikudontha pakati pa zala, phewa lakumanzere litatsika. Masitepe khumi okha, koma iye ankaona ngati akuwoloka chigwa. Anagwira chitseko, anakankha, ndipo nyali yaikulu imene inali kuseri inamumeza yense. Kumbuyo kwake kamera inayamba kulira phapha, phapha. Tepi inali yatha.

Kuseri kwa chitsekocho kunalibe doko. Kunali kalipentala atagona pa matumba, chipewa kumaso. Nicanor anamulumpha n'kupitiriza kuyenda. Anatuluka panja, anadutsa tchalitchi cha makatoni, anadutsa msewu wa nyumba zopanda zipinda, anadutsa anthu ovala ngati asilikali akale atakhala pamthunzi akusewera makhadi, mpaka anakafika pa kasupe wa pakati pa bwalo n'kukhala pansi. Njuchi zinabwera kudzatera pa malaya ake. Anaziyang'ana zikunyambita magazi ake, ndipo mtima wake unali mbee, wopepuka, ngati tsiku loyamba kudzuka munthu atadwala nthawi yaitali.

Don Leopoldo anamupeza pomwepo, nkhope ili psuu.

"Zaka makumi awiri ndi zinayi! Zaka makumi awiri ndi zinayi ukugwa ngati munthu wanzeru, lero wasankha tepi yanga yomaliza? Ndiwauza chiyani akuluakulu aja, kuti chigawenga chapita kokagula fodya? Sudzafanso mu filimu yanga, wamva? Ngakhale ya wina aliyense mu mzinda uno! Ukafere kwanu!"

"Pepani, Don Leopoldo."

"Pepani wakoyo ndimuika mu kamera?"

Atachoka, Tiburcio anabwera mwakachetechete n'kukhala pambali pake. "Ndinakutsata ndi kamera mpaka pachitseko," anatero. "Dzanja linangopita lokha. Chinatuluka bwino, compadre."

Mawu a Don Leopoldo anapherezera. Nkhani inazungulira masitudiyo onse kuti Kamodzi mutu wayamba kumusokonekera, ndipo munthu amene sungamudalire kuti afa pa choko alibe ntchito mu filimu za zigawenga. Palibe anamuitananso. Anayamba kuthandiza msuweni wake kukhoma mipando, ndipo imvi zake zinamera momasuka.

Filimu inatuluka patatha miyezi itatu. Nicanor anakaiona yekha Loweruka. Opanga filimu sanadule kalikonse, chifukwa panalibe china choikapo. Anangowonjezera mawu. Chitseko chikangommeza, pankamveka liwu la Armando, lodekha, lonyada: "Msiyeni. Sakafika pamlatho." Akuluakulu aja zinawakwanira, chigawenga chafa. Nicanor anabwerera kunyumba akudzifunsa funso limodzi. Zikawakwanira akuluakulu, bwanji zikamukwaniranso Herminia?

Lamulungu masana Doña Eduviges anamuveka Herminia diresi la buluu, limene tsopano linkamulendewera. Anamupesa tsitsi akung'ung'udza.

"Mukandibwezera ali wamasiye, Don Nica, mphunoyo ndikuwongolani ndi mpini wa tsache. Mwandimva?"

"Ndamva, Doña."

"Kumva mumamva bwino, vuto ndi kuchita."

Mu holo munali modzaza, fungo la mtedza ndi malalanje. Fumbi linkasambira m'kuwala kochoka kumbuyo. Herminia anakhala phee, manja pamwendo, maso ali pachinsalu koma osaona kanthu. Nicanor anaoneka koyamba akuyatsa ndudu pakona. Herminia sanagwedezeke. Anaonekanso akuopseza wakhungu uja, anthu akumutukwana ndi kuimba malikhweru. Herminia anayasamula. Nicanor anamva thupi lonse kuzizira. Anali atachedwa. Anataya ntchito ya moyo wake wonse chifukwa cha munthu amene anali atapita kale.

Filimu inali itatsala pang'ono kutha pamene munthu wa pachinsalu anayamba kuyenda yekha m'mbali mwa doko, wopanda mawu, akuoneka msana wokha. Mutu wa Herminia unadzuka pang'onopang'ono. Anaweramira kutsogolo. Milomo yake inayenda kaye yopanda mawu, ngati akufufuza chinthu pansi pa thumba.

"Nicanor," ananong'ona. "Uli kumeneko?"

Mfuti inalira katatu. Herminia anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Sitepe yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Holo yonse inapuma mpweya umodzi kudikira chimene inkachidziwa, ndipo chitalephera kubwera panabuka phokoso.

"Igwa, galu iwe!"

"Muwonjezere china, bwana!"

"Yenda," ankatero Herminia, zibakera zili pachifuwa. "Yenda, usatembenuke. Yenda, mwamuna wanga."

Chitseko chinatseguka, chinsalu chonse chinayera. Ndipo liwu lija linabwera, lodekha, lonyada. "Msiyeni. Sakafika pamlatho."

Nicanor anatseka maso. Anamva mpando wa pambali pake ukulira, ndipo atatsegula anaona Herminia ataima chilili, chala chikuloza chinsalu.

"Simukumudziwa inu!" anakuwa ndi mawu amene Nicanor anali atawaiwala. "Munthu ameneyo ankayenda wapansi kuchoka kutali ku Tacubaya kudzandiona ine, mvula ikugwa! Mlatho ndi chiyani?"

Anthu anafa nazo kuseka, ena anawomba m'manja. Herminia analibe nawo ntchito. Anali akukoka kale mkono wa jekete la Nicanor.

"Bambo, tiyeni msanga. Akapeza pakhomo potseka."

Mu tramu ankangodzuka n'kukhala, akudandaula kuti woyendetsayo akugona. Pakona anatsika yekha osagwiridwa, anagula matotiya otentha, timikate topyapyala ta chimanga, anakwera makwerero moti Doña Eduviges anasiya kuchapa n'kungoti kukamwa yasa. M'nyumba anakoleza makala, anateleka madzi, anatulutsa nsalu yakale ya pabedi n'kuyamba kuing'amba mizeremizere yomangira bala. Ankaimba chapansipansi. Nicanor anaima pakhoma akumuyang'ana, osayerekeza kupuma mokweza.

Kenako Herminia anamuona. Anapukuta manja n'kubwera pafupi, wamanyazi pang'ono.

"Bambo, mwandisamala kwambiri, Mulungu akudalitseni. Koma tsopano muzipita. Amuna anga ndi ansanje, ndipo mwaona nokha mmene alili. Akakupezani muno sizikhala bwino."

"Zoona, mayi," anatero Nicanor. Anatenga chipewa chake.

Anatsika makwerero, anadutsa pabwalo. Doña Eduviges anafuna kufunsa, iye anangokweza dzanja. Mumsewu dzuwa linali litapendeka, ana akusewera mpira wa nsanza, wogulitsa mbatata zootcha akuliza wenzulo yake kutali. Anayenda mpaka pakona n'kuima. Pawindo la shopu ya nsapato anaona bambo wa imvi, wa msana wopindika, wopanda chipsera. Mantha amene anamugwira sanawamvepo pamaso pa kamera iliyonse. Kumwamba kuja mkazi ankadikira munthu wa tsitsi lakuda, ndipo amene akanagogoda ndi nkhalamba yomwe waithamangitsa kumene. Akatsegula n'kufunsa kuti mwaiwala chiyani bambo, ndiye kuti adzakhala pawindo paja kudikira mpaka tsiku lake lomaliza.

Anazungulira mdadada wonse kuti apeze mphamvu. Pobwerera, ali pageti, anawongola msana mpaka unalira. Anapendeketsa chipewa, anaika dzanja pamimba, analola phewa lakumanzere kutsika. Makwerero anawakwera molemera, sitepe imodzi imodzi, kuti amveke. Pakhomo pake pomwe anagogoda katatu.

Chitseko chinatseguka msanga. Herminia anaima ndi nsalu m'manja. Anamuyang'ana chipewa, anamuyang'ana dzanja, anamuyang'ana mphuno. Anamuyang'ana nthawi yaitali moti Nicanor anamva madzi akubwadamuka pamoto.

"Nicanor?"

"Ndine, Mina."

Anatambasula dzanja n'kumuvula chipewa. Zala zake zinalowa m'tsitsi loyera lija.

"Koma iwe, wakalamba bwanji chonchi?"

"Kunali kutali."

"Ndinakuuza ine kuti ntchito imeneyi idzakupha, sumamva. Lowa, anthu angakuone. Vula malaya."

Anamukhazika pampando wa pafupi ndi moto. Nicanor sankadziwa ngati mawa adzadzuka ali mwamuna wake kapena bambo wachifundo uja, ndipo panalibe filimu ina imene inkabwera. Anavula malaya n'kukweza manja. Herminia anaviika kansalu m'madzi otentha, anamupukuta mosamala pamimba popanda bala, n'kuyamba kumukulunga, akumukalipira chapansipansi chifukwa chochedwa, chifukwa chosatumiza uthenga, chifukwa choonda. Pomanga mfundo anakoka zolimba, kenako anadzutsa maso.

"Ukumva kuwawa?"

"Pang'ono," anatero Nicanor.